Thumba la Magazi Lopanda Dzina

Panali munthu wina wa kabaza, ya njinga yamoto osati yopalasa. Dzina lake lisiyeni. Mutakumana naye pa siteji ya akabaza simungamuloze, chifukwa amafanana ndi tonse takhala muno.

Mkuluyu anali wolimbikira, pamenepo tisamunamizire. Njinga anagula yekha. Malata a nyumba yake anakhoma yekha. Koma anali ndi lamulo limodzi limene ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe: chaulere ndi nyambo, ukachimeza mbedza ili kukhosi. Chifukwa chake chinalipo. Chaka china analandira meseji yoti wawina mphatso, iye n'kukhulupirira. Otumiza mesejiyo anamupukuta ndalama, ndipo anzake pa siteji anamuseka mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo, ngakhale mnzake amunyemere chimanga chootcha, ankayamba wafunsa kuti iwe ukufuna chiyani kwa ine.

Mkazi wake, Esinati, anali woyembekezera mwana woyamba. Matenda atayamba, anapita kuchipatala ndi mayi ake, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzamudikirira. M'mawa wa Khirisimasi mkulu uja anali pamsewu. Tsiku limenelo wa kabaza sakhala pansi. Uyu wanyamula nkhuku, uyu kathumba ka mpunga, uyu ana atatu ovala zatsopano akuthamangira kutchalitchi.

Cha m'ma naini foni inalira. Anali apongozi ake. Iwo sankamuimbira wamba. Kwawoko mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, amalankhulana atapatsana mbali, mawu ochepa. Anamuuza kuti mwana wabadwa, wamkazi, ali bwino. Kenako anati abwere msanga, Esinati akutaya magazi.

Anatsitsa kasitomala pakati pa njira, osamva n'zomwe ankatukwana kumbuyo.

Pakhomo la wodi anakumana ndi nesi, mayi wamkulu ndithu, wamfupi, wa magalasi. Mayiyo sanazungulire. Anati kutayako akuletsa, koma magazi atuluka ambiri, ndipo Esinati sakuyankhanso zomveka. Anati nyengo ya Khirisimasi magazi amavuta, poti ana asukulu amene amapereka kwambiri amakhala ali pa holide. Koma mufiriji munali thumba logwirizana ndi gulu la magazi a Esinati. Limodzi basi. Anamupatsa pepala ndi cholembera kuti asaine.

Ndikudziwa, nonse mukuti mukanasaina pompo. Mukutero chifukwa mwakhala pa benchi, wanu sali pabedi.

Iye anafunsa kuti magaziwo ndi a ndani. Nesi anati sadziwa. Pathumba pamakhala nambala ndi chilembo, dzina ayi, koma ndi oyezedwa, alibe vuto. Anafunsa kuti alipira zingati. Nesi anati palibe cholipira.

Mawu amenewo ndi amene anamuopsa. Akanamuuza kuti ndi odula, akanagulitsa njinga tsiku lomwelo osaphethira. Koma aulere? A munthu wopanda dzina? Anakumbukira mawu ena ojambulidwa amene anazungulira pa gulupu ya pa foni ya anyamata a kabaza, munthu wosadziwika akunong'ona kuti magazi a m'zipatala amachokera kwa opopa magazi, ndipo wowalandira amasanduka wawo. Tsiku limene anawamva anaseka, mpaka anatumizira anzake kuti nawo aseke. Koma munthu ukakhala ndi mantha, bodza limene unaliseka dzulo limabwera litavala jekete.

Anakuwa pakhonde ponse kuti aliyense woika zimenezo mwa mkazi wake aona zakuda. Apongozi aja akanatha kudinda chala papepalapo, koma atamva kukuwako anabweza dzanja m'chitenje. Anaopa kuti china chikachitika, mlandu udzakhala wawo mpaka kumanda.

Ndiye mkuluyo anapinda mkono wa malaya.

"Popani anga. Mkazi ndi wanga, magazi akhale anga."

Nesi sanakangane naye. Anamutumiza ku labu. Kumeneko anamubaya chala, anadontheza pa kagalasi, anamuuza adikire panja. Anadikira ataimirira. Atamuitana anamuuza kuti magazi ake sakugwirizana ndi a mkazi wake. Atati awaike, angamuphe m'malo momuchiza.

Mwamva? Magazi ake enieni. A munthu wosadalira wina, wodzuka tambala asanalire. Opanda ntchito pabedi paja.

Apa munthu wanzeru akanabwerera kwa nesi. Iye analiza njinga. Anaganiza za mlamu wake, mchimwene wa Esinati, wobadwa mimba imodzi, amene ankakhala mbali ina ya tauni. Foni yake sinkayankhidwa. Mvula inali itayamba, ya Disembala ija yosapatsa moni. Msewu unadzaza. Masipika akulira m'magolosale, ana akuthamanga ndi mabaluni, anthu akumuimitsa kuti awanyamule, iye kungodutsa. Anamupeza mlamuyo ku bala, atayamba Khirisimasi yake m'mamawa. Anamukweza choncho, anamumangirira kumsana kwake ndi lamba wa katundu kuti asagwe, n'kubwerera naye. Ku labu anangomva fungo ali pakhomo, n'kumubweza. Anauzanso mkulu uja kuti ngakhale atabweretsa munthu wosaledzera, magazi atsopano amayenera kuyezedwa kaye, ndipo nthawi imeneyo Esinati alibe.

Analemba pa sitetasi ya pa foni kuti mkazi wanga akufunika magazi, chonde abale bwerani. Tizithunzi ta manja opemphera tinabwera tambirimbiri. Munthu wa miyendo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Batire ya foni inayamba kufiira.

Nthawi inali itapitirira thwelofu. Kutchalitchi cha pafupi ndi mpanda wa chipatala kwaya inkaimba za mwana wobadwira m'khola, ng'oma zikugunda. Iye nyimbozo zinkangomusokosa.

Nesi uja anamuitana kuti alowe m'wodi, ngakhale amuna salowa wamba mmenemo. Anamuonetsa zikhatho za Esinati. Zinali zoyera ngati pepala. Anatsitsa chikope, mkatimo munalibe kufiira konse. Mkuluyo anamuitana dzina kawiri. Milomo inagwedera, mawu osatuluka. Anamugwira phazi, linali lozizira.

Nesi anamukokera pambali, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo, lero ndi Khirisimasi, ovulala pamsewu akubwera. Akafika wina wa gulu lomweli inu musanasaine, thumbali ndimupatsa. Sindingasunge moyo mufiriji anthu akufa."

Anatulukanso pakhonde. Galimoto iliyonse ikamveka pageti, ankatembenuka kuyang'ana. Komabe chala chinali pa foni, kutsika, kukwera, kufuna dzina lina loti aimbire. Ankafuna magazi oti adziwe mwini wake, oti mawa adzapite kukathokoza atanyamula kanthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Kulandira chinthu chimene sangabweze kunkamutsamwa pakhosi.

Apongozi aja anatuluka m'wodi atanyamula mwana m'chitenje chatsopano. Sanakhale pambali monga mwa masiku onse. Anabwera n'kuima patsogolo pake penipeni, n'kumuyang'ana m'maso. Zaka zitatu zonse za ukwati wake anali asanaonepo maso awo.

"Bambo, tambasulani manja."

Dzanja lina linali ndi foni, lina makiyi a njinga. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Panalibe kuchitira mwina. Anaziika pansi, pa simenti yonyowa, ndipo anamulandira mwanayo. Anali wopepuka, wofunda, akupuma mofulumira ngati kambalame.

"Mpweya akupumawu mwamupopera ndinu?" anafunsa apongoziwo. "Kamtima kakugundaka mwakakonza ndinu? Ngati zaulere simulandira, yambani mwabweza ameneyu. Mukatero mundibwezere wanga ali mkatimo, wamoyo monga ndinakupatsirani."

Mkulu uja anayang'ana tizala ta mwanayo, tonse tili ndi zikhadabo zake, palibe kamene anapanga iye. Foni inalira pansi paja, sanaiweramire. Analowa m'wodi mwana ali kudzanja lamanzere, anapempha cholembera, n'kusaina. Dzina linatuluka lokhotakhota ngati la mwana wa Sitandade Wanu.

Thumba linapachikidwa. Magazi anayamba kutsika, dontho limodzilimodzi, osafulumira. Iye anakhala pakhonde, zovala zili chinyowere, akusuzumira pa zenera. Panalibenso choti athamangire. Panalibe woti amukuwire. Ntchito yonse inkachitika popanda iye, ndipo kudikira kumeneko kunamupweteka kuposa mvula ija. Ola linatha Esinati ali chigonere. Lachiwiri linayamba. Apongozi anabwerera pambali pawo, akupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Cha m'ma folo Esinati anatsegula maso. Anafunsa kaye ngati mwana wayamwa. Kenako anamuona mwamuna wake pakhomo, n'kunena motsitsa kuti, "Mwanyowatu inu."

Nesi anamuuza pambuyo pake kuti akanachedwa pang'ono pokha, bwenzi akukamba zina. Mkuluyo anawerama. Kenako khalidwe lake lija linadzukanso, anapempha kuti amufufuzire mwini magaziwo, nambala ya foni kapena dera limene amakhala, akamuone. Nesi anavula magalasi, n'kupukuta m'maso.

"Munthuyo anapereka masabata apitawo, mkazi wanu asanamve n'kupweteka komwe. Anagona pabedi, anatambasula mkono, atatha anadzuka n'kumapita. Sakukudziwani. Palibe chimene mungamupatse. Kasamaleni mkaziyo."

Ndiye anzanga, ife takulira pa foni. Tinaphunzira kuti ukauzidwa kuti wawina, fufuta msanga. Ndipo n'zoona, ambiri ndi akuba. Koma mantha omwewo tapita nawo kwa Mulungu. Akutipatsa moyo, ife tikupinda malaya kuti popani anga. Ndisiye kaye mowa. Ndikonze kaye zanga. Ndidzabwera ndili bwino, ndili ndi kanthu m'manja. Aise, magazi ako sakugwirizana ndi matendawa. Anga sakugwirizananso, ndinayesa.

Mwana wa ku Betelehemu sitinamuitanitse ndife. Anaperekedwa tisanadziwe n'komwe kuti tikudwala, ndipo magazi amene anabadwa nawo m'khola muja ndi omwewo anadzakhetsa pamtanda. Kusiyana kwake n'kumodzi. Thumba lija linalibe dzina. Awa ali nalo, ndi Yesu, ndipo iyeyo akukudziwa.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mkulu uja anali ndi nesi womuuza kuti nthawi yatha. Iwe palibe adzakuonetse zikhatho zako. Udya mpunga lero, uvina, mawa ubwerera pa siteji uli chigwirire zako zomwezo. Ziike pansi. Tambasula manja.