Wa Kabaza Amene Anathawitsa Mwana Mpeni

Panali munthu wina woyendetsa kabaza wa njinga yamoto, kudera lina kumene msewu wa tala unali kutali. Anali munthu wofatsa, wokonda banja lake. Pakapezeka wodwala m'mudzi anthu ankaitana iyeyo, chifukwa ankayenda bwino m'mabampu ndipo sankakana ulendo. Odwala ambiri anawafikitsa kuchipatala chachikulu. Koma iye mwini sankalowa. Ankawatsitsa pageti, n'kutembenuka.

Chifukwa chake chinalipo. Mlongo wake wamkulu, amene anamulera mayi awo atamwalira, analowa m'chipinda cha opaleshoni akulankhula, natulukamo atafunditsidwa nsalu mpaka kumaso. Kuyambira tsiku limenelo munthuyu anatsimikiza mumtima kuti wa magazi ake sadzakhudzidwanso ndi mpeni wa dokotala.

Iye ndi mkazi wake anakhala zaka zingapo m'nyumba muli zii. Kenako kunabadwa mwana wamkazi, namutcha Zaithwa. Anali mwana wonenepa, wosekerera aliyense. Anali atangoyamba kukwawa, ndipo akamva kulira kwa njinga ya bambo ake ankaomba m'manja.

Tsiku lina m'mawa mwanayo anakuwa mwadzidzidzi, kukuwa kumene mayi ake anali asanakumvepo. Anapinda miyendo mpaka mawondo kugunda pamimba, nkhope inatuwa. Kenako anatonthola n'kuyamba kusewera ngati palibe chimene chachitika. Patapita kanthawi kulira kuja kunabweranso. Anasanza mkaka wonse umene anayamwa. Masana, mayi ake pomasula thewera, anapezamo magazi osakanikirana ndi zonanda.

Anathamangira naye kuchipatala chaching'ono chapafupi. Dokotala wa pamenepo anasisita mimba ya mwanayo napeza chotupa chachitali ngati nthochi.

"Matumbo a mwanayu alowana," anatero dokotala. "Mbali ina yalowa m'kati mwa inzake, monga mmene mkono wa malaya umabwerera m'kati munthu akavula mofulumira. Pano sitingathe. Ambulansi yatuluka, koma inu muli ndi njinga. Pitani naye kuchipatala chachikulu lero lomwe."

Dokotala ankalankhulabe, koma munthu uja anali atamva mawu awiri okha: chipatala chachikulu. Sanafunse kuti kumeneko akachita naye chiyani. Yankho anali atadzipatsa kale. Anatuluka kukaliza njinga.

Patsogolo panali mphambano, njira ina yolowera kutawuni, ina yobwerera kumudzi. Atafika pamenepo anaima n'kucheuka. Mwana anali atagona kumsana kwa mayi ake, akupuma bwinobwino.

"Taonani, wagona," anatero. "Akupezako bwino."

"Bambo a Zaithwa, adokotala anena kuti lero lomwe."

"Tikafika kumeneko amung'amba. Mwana wochepa chonchi? Ayi. Mwina ndi njoka za m'mimba chabe. Tiyeni timuone kaye."

Mkazi anadandaula, analira. Koma chiwongolero chinali m'manja mwa mwamuna, ndipo anakhotera kumudzi.

Musaganize kuti anamutaya mwana wake. Anasiya ntchito. Anagula mankhwala a njoka pagolosale. Anakatenga mizu kwa munthu wina wodziwa zitsamba. Anaitana a mpingo kuti adzapemphere. Mwana akamalira ankamuika paphewa n'kumayenda naye pabwalo, akumuimbira. Zonse anachita, kupatula chimodzi chimene anauzidwa.

Nthendayi ndi yonyenga, chifukwa imapumitsa. Mwana akatonthola, bambo ankati, "Mankhwala agwira." Akayambanso, ankati, "Tidikire pang'ono." Dzuwa linalowa, linatuluka, linalowanso. Kenako mwana anasiyiratu kulira. Bambo uja anapuma mpweya wautali, nati zatha.

Koma mkazi anati, "Uku si kuchira. Mwanayu zamuthera mphamvu zolirira."

Mimba inali itafufuma, yolimba ngati ng'oma. Masanzi anali obiriwira. Maso analowa m'kati, bere sankalifunanso. Mkaziyo sanapemphenso chilolezo. Anabereka mwana wake n'kuyamba ulendo wapansi. Mwamuna anamuyang'ana akupita mpaka kukafika pamtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi. Apo m'pamene analiza njinga n'kumutsatira.

Kuchipatala chachikulu anawalandira mofulumira. Mwana anamuika diripi, namuunika m'mimba ndi makina. Dokotala anali mayi wachikulire, wolankhula motsitsa. Anafunsa kuti matendawa anayamba liti, ndipo bambo anayankha maso ali pansi. Dokotalayo sanakalipe.

"Bambo, ndikuuzeni zoona," anatero. "Mwana wotere akabwera msanga, nthawi zambiri sitimung'amba. Timalowetsa kapaipi kofewa kumalo ochitira chimbudzi, n'kupopera madzi kapena mpweya pang'onopang'ono tikuyang'ana pa makina. Madziwo amakankha matumbo n'kubwerera m'malo mwake. Koma apa matumbo afinyika nthawi yaitali, magazi anasiya kuyendamo. Tikapopera aphulika. Chatsala ndi opaleshoni basi."

"Mwati osamung'amba?" anafunsa munthu uja.

"Akanabwera tsiku loyamba, mwayi unali waukulu."

Bambo uja anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Mkazi wake sanamuyang'ane. Patapita kanthawi munthuyo anati, "Chitani zimene mungathe, adokotala." Mwana anamutenga, chitseko chinatsekedwa.

Anadikira pakhonde. Pabenchi pomwepo panakhala mayi wina wachitsikana, akuyamwitsa mwana wamwamuna wa msinkhu wa Zaithwa. Mwanayo ankayamwa mwamphamvu, akukoka mkanda wa m'khosi mwa mayi ake. Mayiyo anali wokonda kucheza, ndipo anafunsa kuti wawo wadwala chiyani. Atamuuza, nkhope yake inawala.

"Aa, musadandaule, bambo! Wanganso ndi zomwezo. Wayamba dzulo m'mawa, masana ndinali nditafika naye. Anangomupopera madzi. Analira pang'ono, basi. Taonani, alibe ndi bala lomwe. Akuti lero tituluka."

Ankaganiza kuti akumulimbitsa mtima. Munthu uja anayang'ana mimba ya mwanayo, yofewa, yopanda chipsera. Anadzuka, napita kuseri kwa nyumbayo kumene kunalibe anthu, nalira monga sanalirepo chiyambire.

Madokotala anachotsa mbali ya matumbo imene inali itafa, nalumikiza yotsalayo. Anayesetsa ndithu. Koma zoipa za m'matumbo zinali zitafalikira kale m'thupi, ndipo thupilo linali laling'ono. M'mawa mwake, dzuwa litakwera, Zaithwa anamwalira.

Mayi ake anamubereka kumsana monga amaberekera mwana wamoyo, namufunditsa chitenje china kumutu. Anakwera njinga. Mwamuna anayendetsa pang'onopang'ono, akulambalala dzenje lililonse, ngakhale panalibenso amene akanamva kupweteka. M'njira anthu omudziwa ankamukwezera dzanja, ena akufunsa mokuwa kuti mwana wadzuka bwanji. Ankaganiza kuti wagona.

Inu amene mwamva, munthuyu musamuweruze msanga. Sanali woipa. Mwana wake ankamukonda kuposa moyo wake. Chimene chinamusokeretsa ndi bala lakale limene linamuyankhira funso asanalifunse. Akanangoima n'kunena kuti, "Kodi kumeneko akachita naye chiyani?" akanamva kuti njira yofatsa inalipo. Koma njira yofatsa ili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo sidikira kuti mantha anu athe.

Mwana wanu akamalira mopumira, akupinda miyendo, akusanza, thewera lili ndi magazi, musadikire mawa. Kutonthola kwake kusakunamizeni.

Ndipo si m'mimba mwa ana mokha mmene zinthu zimalowana. Alipo pano amene sakulankhulana ndi mbale wake. Alipo amene akubisa chotupa m'thupi, kapena chinthu china mumtima, poopa zimene adzamve akachiulula. Popeza masiku ena chimakhala chete, mukuti chikuchira. Lero chikhoza kuwongoka ndi mawu ofatsa. Mukachedwa chidzafuna mpeni, ndipo mpeniwo mwina udzapeza zitatha kale. Pitani lero, mukafunse.