Nkhope Imodzi, Amonke Atatu

Kalekale, mabuku akali kulembedwa ndi nthenga, kunali mmisiri wosema miyala dzina lake Gerevaziyo. Pamwamba pa khomo la tchalitchi chatsopano anasemapo mawu awiri: "Mulungu anatifera."

Woweruza wa bishopu atawaona, maso tong'o, khosi kufufuma ngati la chule. "Mulungu amafa? Mwalawu uphwanyidwe, mmisiriyu achoke mumzinda muno."

Gerevaziyo anagwira m'mutu. Miyezi isanu akugogoda mwala, lero timawu tiwiri timudye?

Anadzuka Bambo Pankarasiyo, mmonke wowonda ngati bango. "Pepani, olemekezeka. Wopachikidwayo ndi mmodzi, si awiri. Yemweyo ndi Mulungu, yemweyo ndi munthu. Zimene zinamugwera pamtanda tingazinene za Mulungu osanama." Woweruza anati, "Chabwino, si mpatuko. Koma mwala uphwanyidwebe, anthu wamba angasokonezeke."

Anadzuka Bambo Kirisipini, amene mimba yawo inkayamba kufika iwo akali kuseri. "Umulungu sufa, sumva njala, sutuluka thukuta. Angowonjezerapo kuti 'mu umunthu wake', malo alipo." Woweruza anavomera, mwala unapulumuka.

Koma a Pankarasiyo anadumpha: "Wopachikidwayo mukumung'amba pakati inu."

A Kirisipini anabweza: "Inuyo mukumuvundula ngati phala."

Malovu kuuluka, ndevu kunjenjemera, mpaka woweruza anatopa. "Ngati ophunziranu simugwirizana, mmisiriyu achoke basi."

Apo anatulukira M'bale Fabiyano wa kukhitchini, chipande chili m'manja. "Ine kuwerenga sindidziwa. Koma Maria ankayamwitsa ndani, theka la mwana? Nanga mwanayo akagona, dzuwa ankalitulutsa ndani?"

Woweruza anakanda dazi, nakwera bulu wake. "Semani zimene anena amimbawo. Mmisiri akhale."

Tsono pakhomopo panatsala chifaniziro chimodzi cha woyera chosasemedwa nkhope. Chifukwa cha chimwemwe, pakamwa pa Gerevaziyo panathamanga: "Ndiikapo nkhope ya amene wandipulumutsa."

Kutacha, atatu onse anali pamsasa pake, zibwano m'mwamba. Uyu akuti yesani mphuno yanga, uyo akuti masayawa muwachepetseko, winayo akuti fulumirani nyemba zipserera. Sabata inatha, palibe wosuntha. Gerevaziyo akungong'ung'udza kuti bola akanangomuthamangitsa.

Mwala ndi umodzi, ndipo ukasemedwa sufufutika. Ndiye nenani inu: aikepo nkhope ya yemwe anamuchotsera mlandu wa mpatuko, ya yemwe anapulumutsa mwala, kapena ya wophika amene anakweza woweruza pa bulu?