Kavalo Amene Sanaphunzitsidwe Kudikira

Panali munthu wina amene m'mawa wina anakhala pakhonde akukhoma khasu pampini. Mkazi wake, Nachisale, anadutsa atasenza beseni la madeya, akupita kukhola.

"Mwana wanu uja wayamba kale kuitana," anatero mwamunayo.

"Musiyeni. Nanunso m'mawa mumatero, kungoti mulibe ziboda."

Anaseka onse awiri, mkaziyo n'kukhota kuseri kwa nyumba.

M'kholamo munali kavalo wa mtundu waufupi uja, amene msana wake umalekeza pachifuwa cha munthu. Kale mwamunayo ankasamala akavalo pa esiteti ina ya kumapiri. Esitetiyo itatsekedwa, eni ake anamupatsa kamwana ka kavalo kamene mayi wake anali atafa. Banjali linalibe mwana. Nachisale anakalera ndi mkaka wa m'botolo, ndipo kankamulondola kulikonse, kuchitsime ndi kumunda komwe. Kakafuna chakudya kankamugunda ndi mphuno kumsana, iye n'kuseka, n'kukapatsa.

Mwamunayo ankaidziwa ntchito yake. Ankadziwa kuti kavalo amayamba kuphunzitsidwa munthu ali pansi, za kumukwera zisanaganiziridwe n'komwe. Ayenera kuima munthu akaima, kubwerera m'mbuyo akauzidwa, ndiponso kusalowerera pamene munthu waponda. Anazinenapo kangapo.

"Ameneyu akukula, mayi. Ndimuyambe chingwe."

"Ndi chikondi chabe, bambo. Mukufuna azindiopa?"

Kuseka kunali kosowa m'nyumba imeneyo, ndipo kavaloyo ndi amene ankakubweretsa. Choncho mwamunayo ankangoti, "Chabwino, tikakolola." Anakolola, anadzalanso, anakololanso. Kavalo anakula. Khalidwe lake linali lomwe lija, koma thupi linali litalemera.

M'mawa umenewo Nachisale atatsegula chipata, kavalo anathamangira beseni monga ankachitira masiku onse, n'kumukankha ndi phewa. Mkaziyo anagwa chagada. Mutu wake unamenya mwala umene unkachirikiza nsanamira ya chipatacho. Mwamuna wake atamva beseni likulira pansi, anapita akuyenda bwinobwino, poganiza kuti akamupeza akukalipa. Anapeza kavalo akudya madeya amene anamwazika, ena pachitenje cha mkazi wake. Nachisale anamwalira asanafike kuchipatala.

Maliro atatha, mchimwene wa malemuyo anabwera kukhola atanyamula nkhwangwa.

"Alamu, chilombo ichi chisaonenso dzuwa pamudzi pano. Ngati mkono wanu ukulemera, ndichita ndine."

Mwamunayo anaima pachipata. "Sanalakwe, alamu. Palibe anamuuzapo."

"Ndiye mukufuna tizimuona tsiku ndi tsiku, mchemwali wathu ali kumanda?"

"Ayi. Ndizimuona ndine."

Iye anali mkamwini pamudzipo. Achibale a mkazi wake atamusudzula, anapinda bulangete lake, anamanga kavalo chingwe, n'kubwerera kumudzi umene anabadwira. Njira yonse kavaloyo ankamupanikiza, kumupondaponda zidendene, kumukhula ndi mutu. Iye sanamumenye.

Atafika anamanga khola, n'kuyamba ntchito imene anaidziwa kuyambira kale. M'mawa uliwonse ankaima kutsogolo kwa kavalo ndi chingwe chachitali m'manja. Kavalo akamuyandikira, ankagwedeza chingwecho, poyamba pang'ono, kenako mwamphamvu, mpaka nyamayo itabweza phazi m'mbuyo. Ikangotero, dzanja lake linkaleka pomwepo, chifukwa kavalo amaphunzira pa kulekako. Akamayenda naye, ankaima mwadzidzidzi. Kavalo akapitirira phewa lake, ankamubweza, n'kuyambiranso. Pobwera ndi madeya sankaika beseni pansi mpaka kavalo atasuntha n'kuyang'ana kumbali. Poyamba kavaloyo ankapalasa pansi, akupukusa mutu, osamvetsa chifukwa chimene dziko lamusinthira. Mwamunayo ankangoima, beseni lili m'manja.

Chimanga chimene chinali chitangomera pa nthawi ya maliro chisanamasule ngayaye, kavalo anali ataphunzira zonse.

M'mawa wina mwamunayo anatsegula chipata. Asanagwedeze chingwe, asanakweze n'chala chomwe, kavalo anabwerera m'mbuyo yekha, anaweramitsa mutu, n'kudikira. Panali malo okwanira kuti munthu alowe, atule beseni, atembenuke, atuluke. Mwamunayo anayang'ana malo amenewo nthawi yaitali. Ntchito imene anaizengereza zaka zonse zija inali yaifupi chonchi. Kavalo sanavute kwenikweni. Akanamva kalekale, akanangouzidwa.

Anaika beseni pansi, n'kukhala padothi atatsamira nsanamira. Kavalo sanadye, popeza anali asanaloledwe.

Inu amene mukumva, pali china pakhomo panu chimene chimakukankhani pang'ono, inu n'kumaseka. Kaya ndi mwana, kaya ndi lilime lanu, kaya ndi mkwiyo wa munthu amene mumamukonda. Njira yochiwongolera mukuidziwa, koma mukuti chikadali chaching'ono, ndipo simufuna kudetsa nkhope ya munthu lero. Mwina mudzachiwongoladi tsiku lina, ndipo chidzamva msanga kuposa mmene mukuganizira. Koma musayembekezere kuti kumva kwakeko kudzakubwezerani kanthu.

Anthu a m'mudzi umenewo amati sanaonepo nyama yofatsa ngati imeneyo. Ana amadutsa pansi pa khosi lake, iye osasuntha. Mwini wake sanamukwerepo.