Mazinga a Pampu ya Kudimba

Panali munthu wina amene anali ndi makina osemera zitsulo kuseri kwa nyumba yake. Anawagula otha kale, pamene esiteti ina ya fodya inkatsekedwa. Sankadyerapo ayi. Anali masewera ake a Loweruka: lero kabawuti ka njinga, mawa kachitsulo ka ngolo ya mnzake. Anthu ankamutcha amisiri, iye n'kumamva kukoma.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake, mlimi wa tomato kudimba. Mng'onoyo ndiye anakatenga makina aja pa ngolo yake, ng'ombe imodzi n'kuthyoka mwendo panjira, iye osadandaula. Zimenezi muzisunge.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pampu ya kudimba inafa. Chitsulo cha m'kati chinathyokera pa mazinga, timizere tozungulira tija pomwe pamamangidwa nati. Tomato anali atangoyamba maluwa. Mng'onoyo anazungulira masitolo a m'tauni, osapeza. Anangopeza chitsulo chimodzi chonenepa bwino kwa ogulitsa zakutha, n'kubwera nacho kwa mkulu wake kuti achidule mazinga.

"Achimwene, chitsulo n'chomwechi, china kulibe. Muchigwire ngati dzira."

"Iwe, lero uphunzitse ine ntchito? Kathirire ndi ndowa, madzulo udzatenge."

Tsono makinawo anali akalekale, a nthawi ya mainchi, pomwe pampu inali ya masiku ano, ya mamilimita. Ine mainchi sindiwadziwa, mamilimita sindiwadziwa, sukulu ndinaionera pawindo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndi miyeso iwiri yosakwatirana. Nati ya uku silowa pa bawuti ya uko. Mkuluyo ankadziwa kusintha magiya kuti makina akale adule mazinga atsopano, ndipo anasintha bwinobwino. Ankadziwanso lamulo lake.

Pa makinawo pali kamkono, ndipo m'mbali muli kawotchi kozungulira ka manambala. Ukatsitsa kamkonoko, mpeni wosemera chitsulo umagwirana ndi makina n'kumayenda wokha, ukulemba mzere wozungulira pachitsulo. Mazinga sadulidwa kamodzi. Mpeni umadutsa mumzere womwewo kambirimbiri, ukupala pang'onopang'ono mpaka mzere uzame. Podula a mainchi ungathe kukweza kamkono, kuthamangitsa mpeni kubwerera poyambira, n'kukatsitsanso pa nambala yomwe ija ya pa kawotchi kam'mbali, mpeni n'kugwera mumzere wake. Koma podula a mamilimita pa makina a mainchi, ukagwira wagwira. Kuima ungaime. Kubwerera m'mbuyo ungabwerere, ukupukusa makina onse ndi dzanja. Koma kamkono sukakweza mpaka ntchito ithe.

Anayamba bwino. Mpeni upite, iye azimitse, apukuse ndi dzanja kubwerera. Upitenso, apukusenso. Pansi pa malata panali ng'anjo. Phewa linayamba kuwawa. Anzake a bawo anali pansi pa mtengo wa mango, akumukuwira.

"Amisiri, kodi mwachikwatira chitsulocho? Nkhomo zikukudikirani kuno!"

Mzere unali utazama, ntchito itatsala pang'ono. Anayang'ana kawotchi kaja. Mumtima anati, aka sikanandinamizepo chigulireni makinawa.

Anakweza kamkono.

Mpeni unabwerera mopepuka, mpaka iye anaseka. Anadikira nambala yomwe ija, n'kutsitsa. Nambala inali yomweyo ndithu. Koma mpeni sunagwere mumzere. Unalowa pambali pang'ono, mwina kukhuthala kwa chikhadabo, n'kuyamba njira yakeyake pamwamba pa mazinga onse aja. Pomwe ankazimitsa makina n'kuti utadutsa kale.

Anayesa nati. Inalowa pang'ono n'kukakamira. Anaikakamiza ndi sipanala, inangoyamba kuzungulira yokha osagwira kanthu. Anawerama, anatola tizipalapala ta pansi, n'kumatiyang'ana m'dzanja. Chitsulo chopalidwa sichibwerera pamalo pake.

Madzulo mng'ono uja anafika, mapewa atasupuka ndi ndowa. Anatenga chitsulo, anazunguza nati ndi chala, nati n'kugwera pansi.

"Achimwene, chachitika n'chiyani?"

"Ndinangotaya kamkono kwa kamphindi. Ndinabwerera pa nambala yomweyo, ndikulumbira."

Mng'onoyo sanakalipe. Anatola nati, anaiika patebulo pambali pa chitsulo, n'kutuluka. Ndowa sizinakwanitse dimba lonse. Maluwa anayoyoka, tomato anapsa ali chiimire. Mvula isanagwe, mng'onoyo anatenga mkazi ndi ana n'kukalowa utenanti m'minda ya fodya ya eni. Mkuluyo anafunditsa makina ndi chiguduli. Masiku ano awiriwa akakumana pamaliro amapatsana moni ngati anthu okhala mpando umodzi m'basi.

Lusiyano mwana wanga, usayang'ane pansi, ndikunena ndi iwe. Mlongo wako Felesiya atagona ndi matenda, mwamuna atamuthawa, mwini mbumba unali iwe. Ndi Felesiya yemweyo anasiya sukulu n'kumalima nane kuti iwe upitirize. Iwe mwina unaiwala, ine sindiiwala. Unayamba bwino, ndikuvomera. Unkamutengera kuchipatala pa njinga, unkabwera ndi sopo. Ukanatopa n'kupuma, ndikanamva. Mukanakangana, ndikanakukhazikani pansi. Koma iwe unataya. Foni yako inkangoitana. Uthenga wa maliro ake utakupeza, unatuma mnzako kudzayankha.

Lero wabwera ndi shuga, wakhala pampando womwe uja, ukuti tiyambire pomwe tinasiyira. Mpando ndi womwewo. Khomo ndi lomwelo. Koma ana a Felesiya akula m'zaka zimene iwe kunalibe, ndipo mzere umene unkayendamo sindikuuonanso. Wamng'ono uja, amene unkamunyamula pakhosi, wanditsatira kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Anganga, kodi alendowa agona konkuno?"

Ndimuyankhe chiyani?