Galimoto ya Chigamba

Che Silaji anafika kwa Shehe Mtalika wapansi, iwo amene kwa zaka zitatu anthu a pa Ntaja ankawadziwira kulira kwa hutala. Linali Lachitatu, pemphero la swala ya masana litangotha. Fumbi linali litawakwera mpaka m'mawondo, ndipo m'khwapa anapanira envulopu ya khaki yofewa kale ndi thukuta. M'thumba la malaya munkalira makiyi. Ikanakhala ndagi, bwenzi tikuti: khomo lili m'thumba, nyumba inathawa.

Shehe anali pakhonde, kuseri kwa mzikiti, akupalasa makina osokera. Anaphunzira zaka zambiri kunja kwa dziko lino, koma ankadya za utelala, ndipo mkanjo wawo womwe unali ndi chigamba paphewa.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Waalaikumu salamu, Che Silaji. Khalani pabenchipo. Kunyumba ali bwanji?"

"Alipo, Shehe. Kungokhalapo basi."

Nkhani ya Che Silaji aliyense ankaidziwa. Sienta yawo yoyera, imene ankanyamulira anthu pakati pa Ntaja ndi Liwonde, inabedwa Loweruka lina dzuwa lili pamutu, iwo atangolowa mumsika kukagula anyezi. Potuluka anapeza kadontho ka oilo pamchenga. Apolisi analemba lipoti, masabata atatu n'kudutsa, galimoto zii.

"Andibera kawiri, Shehe," anatero Che Silaji akusolola pepala mu envulopu. "Woyamba anabwera ndi waya. Wachiwiri wabwera atamanga tayi. Zaka zitatu ndakhala ndikulipira inshuwalansi, osaphonya, pa mtengo wa mamiliyoni asanu ndi anayi. Lero akuti andipatsa anayi okha."

"Chifukwa chake akuti chiyani?"

"Chidindo. M'bulubuku, chikalata cha galimoto chija, muli chidindo chonena kuti inachitapo ngozi, inatayidwa, n'kumangidwanso. Akuti galimoto yotero mtengo wake ndi watheka. Polandira ndalama zanga maso awo anali ndi ng'ala. Pobweza ndiye apenya mpaka kachidindo kam'munsi."

Shehe anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, nawerenga kalatayo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Atamaliza anaipinda momwe inalili.

"Apo dandaulo lanu lili ndi miyendo," anatero. "Wolandira anayenera kuwerenga asanalandire. Nanga kwa telala ngati ine mwadzera chiyani?"

Che Silaji anasendera kutsogolo. Mawu amenewa anawakonza njira yonse.

"Mukukumbukira Lachisanu lija, titatuluka m'mapemphero a Ijumaa? Pakhonde pano pomwe, Abiti Mdoka, mkazi wa malemu aphunzitsi, anavomera kugula galimoto ija mamiliyoni asanu ndi anayi, ndalama za imfa ya amuna awo, kuti mwana wawo azinyamulira anthu. Inu munali mboni, munatichitira duwa, pemphero lotidalitsa. Ndalama zikanatuluka Lolemba ku banki, koma wakuba anafulumira. Ndikupempha kalata yanu, ya chidindo cha mzikiti, yonena kuti galimoto ija inali ndi wogula pa mtengo umenewo. Ndikaiika patebulo la a inshuwalansi, atsutsa bwanji? Mulibe bodza m'menemo, Shehe. Munaona ndi maso anu."

"Ndinaonadi."

Shehe anatola nsalu imene ankasoka, naiyang'ana kumbuyo ndi kumaso ngati akufunafuna pamene singano inalumpha.

"Tandiuzani za ngoziyo, Che Silaji. Ine za magalimoto sindizidziwa."

"Inagubuduzika m'mapiri a Machinga ili ndi mwini wake woyamba. Ine ndinaigula ili chiphwanyikire, denga litakhudza mipando. Makaniko wa ku Balaka anaiwongola miyezi isanu, kuwotcherera chasisi, kupaka penti. Itatuluka, ngakhale mwini wake uja sakanaizindikira. Inkayenda ngati madzi, Shehe."

"Ndikukhulupirira. Ndinakweramo, sindinamve chilichonse. Abiti Mdoka anachiona chidindocho?"

Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Che Silaji anaiperekeza ndi maso mpaka inalowa m'chinangwa.

"Bulubuku tinati tidzawapatsa Lolemba, ndalama zitatuluka."

"Munawauza pakamwa?"

"Sanafunse."

"Sanafunse," Shehe anabwereza motsitsa. "Nanenso sindinafunse. Ndinaona galimoto yonyezimira, ndinaona anthu awiri akumwetulira, ndinakweza manja n'kuchita duwa. Mboni yosafunsa ndi chitsa chovala chisoti. Kumeneko ndi kulakwa kwanga, ndipo madzulo ano ndipita kwa Abiti Mdoka kukapepesa."

Apa Che Silaji anamva ngati benchi latitimira. Anabwera ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unawayendetsa wapansi osatopa. Tsopano unali utawathawa. Anavula chisoti nachifinya m'manja.

"Shehe, musandiphe. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Munda ndinagulitsa kuti ndimange galimoto ija. Mwana wanga Rukiya amubweza ku sukulu ya unamwino, ali pakhomo akusenda chinangwa, mabuku ali m'chikwama. Ine m'mawa uliwonse ndimaima padepoti kuitanira magalimoto a anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira chiwongolero. Akandiponyera ya tiyi amayang'ana kumbali, manyazi. Mamiliyoni anayi lero sagula ngakhale galimoto yopanda matayala. Ndiyambira pati? Abiti Mdoka sanataye tambala. Ndalama zawo zili phee ku banki. Wovulala ndine. Kalata imeneyi ikulanda chiyani kwa iwo?"

"Kwa iwo palibe."

"Ndiye lembani! A inshuwalansi ali ndi nyumba zosanjikizana, sangamve kuwawa. Ine ndimaswali kasanu, Ramadhani sindinaphonyepo, maliro a m'mudzi muno ndanyamula angati ulere? Nanga Allah anali kuti Loweruka lija?"

Mawuwo atangotuluka, Che Silaji anagwira pakamwa. "Astaghfirullah," ananong'ona kupempha chikhululuko. Misozi inatsika n'kujambula tinjira m'fumbi la kumaso.

Shehe sanawadzudzule. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ya madzi, nadikira mpaka mlendo wawo atamwa onse.

"Maliro amene munanyamula alembedwa kumene sikufufutika," anatero. "Ndipo kalata ndilemba, Che Silaji, koma ina. Ndilemba kuti zaka zitatu munalipira pa mtengo wapamwamba, iwo akulandira osatsegula buku. Ayankhe pamenepo. Mukafuna ndikwera nanu minibasi mpaka ku ofesi yawo, ndikakhale pambali panu."

"Imeneyo ingabweze zingati?"

"Mwina zochepa. Mwina osabweza konse. Sindikunamizani."

"Ndiye kuti ndatha."

"Mwina galimoto ina simudzakhalanso nayo. Za Rukiya ndikalankhula ndi akuluakulu a mzikiti Lachisanu, koma nazonso sindilonjeza, thumba lathu mukulidziwa."

Che Silaji anatulutsa makiyi aja nawaika pabenchi, pakati pa iwo ndi Shehe. Kutali, kumsewu, Sienta ya munthu wina inaliza hutala kuitana okwera, ndipo phazi lawo lamanja linagwedera lokha m'fumbi, kufuna poponda.

"Ndifunseko komaliza, Shehe," anatero. "Inu mumatiphunzitsa kuti mboni isabise chimene yaona. Munaona mtengo. Mukubisiranji?"

Shehe anagwira chigamba cha paphewa pawo.

"Mkanjo uwu unang'ambika ndi msomali. Ndinausoka ndekha, ndipo ndimaswalitsa nawo anthu. Chigamba si tchimo. Galimoto yanu inali ya chigamba, ndipo inadyetsa ana anu chakudya chahalali zaka zitatu. Koma ndikati ndiugulitse mkanjowu, n'kupinda phewa ili mkati kuti wogula asaone, ndalama zimene ndalandira ndi za zinthu ziwiri: zina za nsalu, zina za kupindako. Abiti Mdoka akanaona chidindo chija, akanapereka zingati?"

Che Silaji anayankha: "Mwina asanu."

"Ndiye mtengo umene ndinauona pakhonde pano sunali wa galimoto yokha. Asanu anali a galimoto. Anayi enawo anali a kukhala chete kwanu ndi kusafunsa kwanga. Ndikalemba kuti galimoto inali ya asanu ndi anayi, mawu aliwonse akhala oona, kalata yonse n'kukhala bodza, chidindo cha nyumba ya Allah chili pansi pake."

Anatola makiyi aja nawabwezera m'dzanja la Che Silaji, n'kulifumbatitsa ndi manja awo awiri.

"Munafunsa kuti Allah anali kuti Loweruka lija. Zimenezo n'zazikulu, telala sangazifike. Wakuba uja akayankha yekha, ndipo chimene anakuchitani n'choipa. Koma ndikudziwa kumene inu mukanakhala Lolemba lake: pamzere wa ku banki, mukulandira ndalama za imfa ya aphunzitsi m'manja mwa mkazi wawo, ine nditakudalitsani. Lirani galimoto yanu, Che Silaji, ndilira nanu. Koma anayi enawo musawalire. Sanabedwe kwa inu. Inu ndi amene munatsala masiku awiri kuti muwabe."