Dzina Lopanda Mwini

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, kuchigwa kunali fakitale yofinya nzimbe. Kumeneko makina sankadzuka pokhapokha munthu atalemba dzina lake ndi mawu achinsinsi pakompyuta. Wina akalowa m'makina kukakonza, mayina onse a anthu ankatsekedwa.

Koma panali dzina limodzi lopanda mwini, lakuti Kapolo, lomwe kompyuta inkayendetsera makina payokha. Limenelo silinkatsekedwa, ati poti si munthu.

M'mawa wina, Lufeyo, mmodzi wa okonza makina, ali m'kati mwa chigayo kumanga mabawuti, chigayocho chinadzuka. Abale inu, chinamutafuna kuyambira kumapazi, magazi n'kutsikira mumpopi wa madzi a nzimbe. Mkulu wake, Chimbalanga, anangotola mkono umodzi ndi jombo.

Atafunsa kuti wadzutsa ndani, kompyuta inayankha kuti ndi Kapolo.

Chimbalanga analusa. Anatenga chikwanje, anzake n'kuguza anthu atatu kupita nawo pabwalo. Anawaswa ndi zitsulo mpaka mano kugululuka, teyala ndi petulo zili pambali.

Woyamba anali mayi Nankhoma akuofesi, amene anapanga dzinalo. Pochita ulesi kusankha, analipatsa mphamvu pa makina onse, pomwe ntchito yake inali yopopa madzi chabe. Akulira, anati iwo anapangira kompyuta, osati anthu.

Wachiwiri anali a Gwaza, kapitawo. Iwowa, atatopa ndi antchito oiwalaiwala, analemba mawu achinsinsi a Kapolo ndi choko kuseri kwa chitseko. Anati ankangothandiza anthu kuti asamathamangitsidwe ntchito chifukwa chochedwa.

Wachitatu anali bwana Sikelo. Anachenjezedwa katatu konse kuti mawuwo asinthidwe, koma ankakana, poti kusintha kukanaimitsa fakitale tsiku lathunthu nzimbe za alimi zikuwola pageti. Zaka zisanu ndi ziwiri mawu ali omwewo, ngakhale ochotsedwa ntchito ankawadziwa.

Chimbalanga anakweza chikwanje pamutu pa a Gwaza. A Gwaza analavula magazi, n'kumuyang'ana.

"Dula, mwana wanga. Koma tandiuza, m'mawa uja dzina lako litakana, unalowa ndi dzina la yani?"

Chimbalanga anaimitsa chikwanje m'malere. Zinali zoona. Dzina lake litakana, iye anangoti kompyuta yayambanso misala yake, n'kulowa ndi Kapolo kuti adzutse lamba wonyamula nzimbe. Sanafunse kuti mwatsekedwa chifukwa chiyani. Anthu ena anayi anachitanso chimodzimodzi m'mawa womwewo, aliyense pakona pake, ndipo panalibe njira yodziwira chala chimene chinadzutsa chigayo. Mantha anamugwira, akuganiza kuti mwina mng'ono wake wamupha yekha.

Khamu linkakuwabe kuti amalize, wina atagwira kale machesi.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, ndiuzeni: magazi a Lufeyo ali pamutu pa yani? Pa amene anapanga dzinalo, amene analilemba pachitseko, amene anakana kulisintha, kapena pa iye wagwira chikwanjeyo?