Loweruka la Masokosi

A Lucius ankakhala ku Highfields, mumzinda wa Leicester ku England, m'nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira, zimene kalekale ankakhalamo anthu ogwira ntchito m'mafakitale a masokosi. Iwo ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo akafika pakhomo nyimbo yawo inali imodzi: ana obadwira kuno ndi a manja lende. Mwana wawo woyamba Christabel ndi mlongo wake Timothy ankangoti kakaka pa foni ngati nyerere pa shuga.

Tsiku lina Christabel anabwera kusukulu akusimba zimene anaphunzira, kuti makedzana mu Leicester momwemo ana ankadzuka m'mamawa kukulunga ulusi, banja lonse lili pikitipikiti m'chipinda chimodzi. A Lucius anangogwira mutu wa nkhaniyo, mchira osaudikira. Analamula kuti Loweruka likudzalo nyumba yawo ibwerere ku moyo wa makedzana, foni ayi, TV ayi, aliyense pa ntchito. Akazi awo a Perpetua, omwe ndi namwino, anawalangiza kuti ayambe amva nkhani yonse, koma bamboyo anati mwana wa dzulodzuloli sangawaphunzitse za mavuto, iwo amene anakula akupita kusukulu opanda nsapato.

Loweruka m'mawa anadzutsa anawo, nakhuthula pabalaza thumba la masokosi obooka kuti asoke. Iwo anadziponya pa sofa, miyendo tambalale. Chinawadabwitsa n'chakuti panalibe wonyinyirika. Christabel anachita kugwada, ulemu umene anali asanauonetsepo, nayankhula m'Chichewa chake chopindika.

"Adadi, paja mwati tichite zonse monga makedzana?"

"Zonse. Osasiyako kanthu."

Pamenepo mtsikanayo anamasula thumba la tambe. Anafotokoza kuti masiku amenewo bambo ndiye ankakhala pa makina olukira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ana n'kumangomupatsira ulusi. Anawonjezera kuti hita kunalibe, galimoto kunalibenso. A Perpetua, yunifolomu ili kale m'thupi, anavomereza kuti lamulo la mwini nyumba silibwezedwa. Anathimitsa hita, naponya m'chikwama mafoni onse, rimoti ndi makiyi a galimoto. Anauza amuna awo kuti akaweruka kushifiti adzapeze sokosi iliyonse itasokedwa, ndipo anatuluka ataluma mlomo kuti phwete lisawapulumuke.

A Lucius anameza malovu owawa. Kubweza mawu pamaso pa ana kunali kudzivula zovala pamsika. Anavala chijekete, nagwira singano. Chisanu cha Novembala chinawaumitsa zala, singano n'kumawabaya, uku Timothy ataima pambali ngati kapitawo, kubweza sokosi iliyonse yosokedwa mokhota.

Chimene anali ataiwala n'chakuti masana amenewo kunali mpira waukulu, ndipo anali ataitana mnzawo Cephas, wa ku Zambia wokhala ku Evington, dera lina la mumzinda womwewo, kuti adzaonere limodzi. Cephas analowa ndi zakumwa m'manja, napeza m'nyumba muli zii ngati mufiriji, mwini nyumba ali ndi ulusi kukamwa, sokosi yapinki ya mwana atayivala kudzanja. Atamva chiyambi chake anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Mudala, izi mwaziyamba mweka," anatero m'Chinyanja cha kwawo, akupukuta misozi.

A Lucius anayesa kumutsinzinira diso kuti awapulumutse, koma Christabel anawaphangira. Anati aphunzitsi anawauzanso kuti patapita zaka boma linaika lamulo lochotsa ana pa ntchito zotere, koma akuluakulu anatsala pa makina. Cephas anadzigunda pachifuwa n'kunena kuti boma lake ndi iyeyo, ndipo lafika. Anauza ana kuti avale majekete akaonere mpira kwake, kumene hita inali yoyaka.

A Lucius anatsala okha ndi phiri la masokosi. Mpirawo anaumvera kukhoma, pamene a nyumba yoyandikana ankakuwa ndi kudumpha, iwo osadziwa ngakhale amene wagoletsa. A Perpetua pobwera anawapeza akali pomwepo, mphuno ikuchucha, zala zili zibooweziboowe. Mayiwo anayatsa hita, natola sokosi imodzi n'kuyiyang'anitsitsa, kenako anafunsa mofatsa ngati Loweruka linalo fakitale idzatsegulidwenso.

Bamboyo anangopukuta mphuno. Msampha umene anatchera ana unali utagwira mwendo wawo womwe, pakuti akale sananame: choipa chitsata mwini.